Dzina Ndinachotsapo

Ngongole ya ndalama njosavuta. Munthu akakana kubweza umapita kwawo, umanyamula wailesi kapena mbaula, basi mlandu watha. Koma ngongole imene mng'ono wake wa Mayi Sinditsitsa anali nayo inali ya pakamwa, ndipo pakamwa pa munthu sunganyamule n'kupita napo kwanu. Anali atalonjeza kuti abwera yekha kudzakonza zimene anawononga. Sabata inatha, ina inalowa, mng'onoyo osaoneka ngakhale chithunzithunzi chake.

"Akuti ali bize," ankatero Mayi Sinditsitsa, akukwecha chidendene cha nsapato ndi burashi ngati nsapatoyo ndiyo yalakwa. "Bize! Pophwasula banja la mwana wanga sanali bize."

Ankagulitsa nsapato zakaunjika kumapeto kwa msika, pansi pa lata lodontha, pakati pa bambo wosoka maambulera ndi mayi wogulitsa ndowa. Dzina loti Sinditsitsa anamupatsa ndi makasitomala. Ukangoti "mayi, tatsitsaniko pang'ono," ankakulanda nsapato m'manja, kupukuta pamene wagwirapo, n'kuibweza pa thebulo. Sukulu anangoinunkhiza. Zilembo kwa iye zinali ngati nyerere zobalalika, ndipo analibe nthawi yozisonkhanitsa.

Foni anamugulira ndi mwana wake woyamba, amene pabanjapo ankangomutchula kuti Chisamba. Inali foni ya tachi, yosisita ndi chala. Mayi ankadziwa kuyankha ikalira ndi kudula akatopa. Zinazo ankadikira mng'ono wake. Mng'onoyo anali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali, m'mene ankagulitsira mankhwala azitsamba a m'mabotolo, ndipo anthu ankamutcha Anti Mabotolo. Masana alionse ankatsikira kumsika kudzadya ndi mkulu wake. Asanasambe n'komwe m'manja, Mayi Sinditsitsa ankamuponyera foni pamiyendo.

"Tandiyikira mawu a mwana."

Chisamba ankadziwa kuti mayi ake sawerenga, choncho m'malo molemba ankatumiza mawu ojambula. Anti Mabotolo ankatsegula, kuyika foni kukhutu kwa mkulu wake, iye n'kumayang'ana kumbali ngati sakumva. Zinkayenda choncho chigulireni foniyo. Nanga ungamubisire chiyani munthu amene unamubereka kumsana, amene unkamutafunira chakudya asanamere mano?

M'foni imeneyo munali mauthenga awiri amene Mayi sanalole kuti afufutidwe. Woyamba unali wa chaka chatha, Chisamba akulira. "Amayi, tabwerako kuchipatala. Akuti ine ndilibe vuto, vuto lili ndi bambo a kunyumba. Awayambitsa mankhwala, akuti zikhoza kutheka. Chonde amayi, zithere m'khutu mwanu." Wachiwiri unali wa posachedwa, Chisamba akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Amayi, zatheka! Ndili ndi pakati. Zikomo, pakanapanda inu ndikanataya mtima."

Anti Mabotolo anadzitumizira mauthenga awiriwo tsiku lina mkulu wake ali mkati mokangana mtengo ndi kasitomala. Anadula za mankhwala a kuchipatala. Anadula za kuthera m'khutu. Zotsalazo anazilumikiza, kutsogolo kwake n'kuyika mawu ake osalala ngati a muulutsi wa pa wailesi: "Mverani umboni wa kasitomala wanga amene wamwa botolo lobiriwira." Kenako anamwaza m'magulu onse a pafoni, la amayi a kumsika, la mpingo, ngakhale la madalaivala.

Dzina la Chisamba munalibemo. Koma Chisamba anali ndi mawu osasa chibadwire, mawu amene aliyense womangitsa tsitsi mu saluni yake ankawadziwa. Ndipo kuseri kwa kulira kwakeko kunkamveka makina odulira zitsulo akulira kuti nyiii. Pa msewu wonsewo, mkazi wa mawu osasa wokhala kumbuyo kwa shedi yowotcherera ya mwamuna wake analipo mmodzi yekha. Dzuwa lisanalowe, aliyense anali atadziwa kuti wowotcherera sabereka koma mkazi wake ali ndi pakati. Azimayi anathamangira botolo lobiriwira. Azibambo anayamba kuwerengana okhaokha kuti ndani amadutsadutsa pa saluni.

Mkamwini anachoka panyumba osalankhula ndi munthu. Ankagona m'shedi momwemo, pa chitseko chachitsulo chosamaliza.

Tsiku lina m'sabata yachiwiri ija, Mayi Sinditsitsa anatopa nako kudikira mng'ono wake. Anaphimba nsapato ndi lona, anauza wa maambulera kuti aziponyako diso koma asayerekeze kugulitsa, n'kuuyamba wa ku shedi. Ankafuna adziwe kaye chimene mkamwini akufuna, kuti pokakumana ndi mng'ono wake akhale akudziwa chokalonjerera.

Shediyo inali yodzaza ndi mageti osapenta ndi mafelemu a mawindo otsamira khoma. Mkamwini anali atawerama, magalasi akuda kumaso, moto ukuthetheka mozungulira mapazi ake. Kalipentala wa shedi yoyandikana atangomuona mayiyo anasiya kupala thabwa.

"Bwana wowotcherera! Apongozi afika. Mwina akubweretserani lobiriwira!"

Anzake anafa nacho chiseko. Mayi Sinditsitsa sanayime n'komwe.

"Iwe wa matabwa, ana ako onse anatenga mphuno ya landilodi, koma ife tinangokhala chete."

Chiseko chinatembenukira kwa kalipentala. Mkamwini yekha sanaseke. Anazimitsa makina, anakankhira magalasi pamphumi, anapukuta kampando ndi chipewa chake n'kuwapatsa apongozi. Maso ake anali ofiira, osati ndi moto wokha.

"Mwaona, amayi? Ndi mmene zimayendera. Lero ndi ine, mawa ndi iye."

"Bambo, sindinabwere kudzacheza. Mkazi wanu sakudya. Miyendo yatupa ngati mitondo. Nenani mtengo."

"Mtengo wa chiyani?"

"Wobwerera kunyumba. Chilichonse chili ndi mtengo."

Mkamwini anakhala pa chitsulo, anayang'ana manja ake akuda.

"Mwanayo ndi wanga, ndikudziwa. Mapiritsi ndinkameza ndine, jakisoni ankabaya ine. Mkazi wanga sindikumukayikira. Amene akukayika ndi mayi anga, ndi abale anga, ndi aliyense wobwera kudzawotcheretsa. Dzulo wina wandifunsa ngati geti lake ndimaliza ndekha kapena ndiitana wondithandiza."

"Pakamwa pa anthu sipaola. Alankhula, atopa."

"Matendawo anali anga, amayi. A m'thupi mwanga. Adokotala pondiuza anatseka chitseko. Mkazi wanga anawatenga n'kukupatsani inu. Inu munapatsa mng'ono wanu. Mng'ono wanu wagulitsa."

"Mwana akauza mayi ake si kugulitsa."

"Sindinati wagulitsa ndinu. Koma pa ulendo wonsewu, ine mwiniwake ndani anandipempha?"

Mayi Sinditsitsa anamva kuwawa ngati waponda msomali. Anasolola foni m'chikwama n'kuimenyetsa pabondo.

"Mawu onse ali muno, osadula. Tiwatumize, anthu amve za chipatala, adziwe kuti munachira."

"Ayi! Mukufuna kuzimitsa moto ndi petulo? Anthu aona theka la maliseche anga, inu mukuti tiwaonetse onse kuti akhulupirire?"

"Ndiye mukufuna chiyani? Nthawi ikupita, nsapato zanga zili zokha."

"Amene anayatsa azimitse. Alankhule yekha, ndi mawu omwe aja a pa wailesi, m'magulu omwe aja. Anene kuti mawuwo anaba m'foni ya eni ake, anadula n'kusoka yekha, mkaziyo sanamwepo botolo lake, ndipo zimene anthu amva si mmene zinalili. Asanditchule, asatchule matenda. Mayi anga akamva zimenezo, ndipeza nkhope yolowera nayo pakhomo."

"Zachuluka. Tsitsaniko."

Kwa nthawi yoyamba mkamwini anamwetulira, koma mbali imodzi yokha.

"Inu mumatsitsa, amayi?"

Anabweza magalasi kumaso n'kuyatsa makina.

Masitepe okwerera kwa Anti Mabotolo anali opanikiza, onunkha penti. Kale ukakwera unkapeza mphaka yekha atagona. Tsikulo panali azimayi pa sitepe iliyonse, ena atakokera mipango kumaso, wina atavala yunifomu ya ku banki. Mayi Sinditsitsa anawadutsa ndi chigongono, osapepesa. Ali pakati, anamva mwana wake akulira. Anaima n'kucheuka. Kulirako kunkachokera m'manja mwa mtsikana wina wachilendo, amene ankamvetsera ndi mnzake, mitu itagundana.

"Tamva apa, apa pamene akuti zatheka. Ine ndimangobwereza pomwepa."

"Zimitsa," anatero Mayi Sinditsitsa.

"Bwanji mayi? Foni ndi yanga."

"Foni ndi yako. Misoziyo si yako. Zimitsa ndisanakuzimitse."

Mtsikanayo anazimitsa.

Kachipindako kanali katasintha. Munali katani yatsopano, fani yozungulira mutu, ndi mpando wachikopa umene pulasitiki yake inali isanachotsedwe. Mabotolo obiriwira anadzaza mashelefu mpaka kudenga. Anti Mabotolo anali atavala jekete loyera ngati la namwino. Atamuona mkulu wake anadzuka msanga, anatulutsa kasitomala amene anali naye, n'kutseka chitseko.

"Achemwali! Bwanji osaimba? Ndimati ndibwera madzulo ano."

"Unati ubwera sabata yatha."

"Mukuona nokha anthuwa. Khalani pansi, ndikuitanitsireni chozizira."

"Sindinabwere kudzamwa." Anakhala komabe. Pulasitiki inalira pansi pake. Anamufotokozera mng'ono wake zimene mkamwini akufuna, chimodzi ndi chimodzi, osakometsa.

Anti Mabotolo anatenga foni yake n'kuyamba kusisita.

"Koma ine ndinafufuta kale. Onani, palibe."

"Wafufuta kwako. Pa masitepe ako mwana wanga akulirabe."

"Zimene anthu anasunga m'mafoni mwawo si mlandu wanga. Komanso achemwali, tiyeni tilankhule chilungamo. Ndalakwa chiyani kwenikweni? Dzina ndinachotsapo. Chithunzi palibe. Nambala ya foni palibe, komwe amakhala sindinatchule. Za munthu mwini ndi zimenezo basi, ndinafunsa. Mawu ndi mphepo. Mawu osasa aliyense akhoza kukhala nawo, chimfine chilipo."

"Dzina!" Mayi Sinditsitsa anamenya thebulo, mabotolo anagwedezeka. "Dzina anamupatsa ndi bambo ake ataledzera, ndipo pa msewu uno alipo ambirimbiri a dzina lomwelo. Mawu aja ndinamubereka nawo. Kulira kuja n'kwake. Mimba ija njake. Makina aja nga mwamuna wake, matenda aja nga mwamuna wake. Wachotsa chinthu chimodzi chimene amagawana ndi anthu ena, wasiya zonse zimene ndi zake yekha, ndiye ukuti wabisa? Ukamuvula munthu zovala zonse n'kumuphimba chipewa kumaso, ndiye kuti wavala?"

"Musakuwe, anthu amva."

"Lero ukuopa kuti anthu amva?"

Anti Mabotolo anakhala pansi. Anavula jekete loyera n'kulipinda pamiyendo, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati kamtsikana kaja kamene kankabisala kuseri kwa siketi ya mkulu wake agalu akauwa. Mtima wa Mayi Sinditsitsa unayamba kufewa. Ndiye mng'onoyo analankhula.

"Tipangane chonchi. Zonse za mwana wobadwayo ndigula ine. Bedi, mabulangete, matewera. Akabereke kuchipatala cholipira, ndilipira ine. Ndipo pa botolo lililonse lobiriwira, gawo lake lizipita kwa Chisamba. Ndi mwana wanganso ameneyo, achemwali. Mawu ake agwira ntchito, alandire malipiro."

Mayi Sinditsitsa anali wamalonda, ndipo mutu wake unawerengera wokha asanaupemphe. Inali ndalama yabwino. Zinamunyansa kuti waidziwa kuti njabwino.

"Mwana wobadwayo akusowa bambo, iwe ukuti bedi. Bediyo azidzaitana kuti ababa?"

"Mwamunayo ndi wonyada chabe. Abwerera yekha njala ikamupweteka."

"Sunamuone maso ake. Ine ndamuona."

Kunja wina anagogoda, Anti Mabotolo anayankha mokoma kuti adikire pang'ono. Zimene Mayi Sinditsitsa analankhula pambuyo pake zinamutuluka movuta ngati dzino lozula.

"Chabwino. Usanene kuti unaba. Ungonena kuti unadula n'kusoka. Mkamwini ndikamunyengerera ndekha."

Mng'onoyo anapukusa mutu.

"Usatumize m'magulu onse. La mpingo lokha, m'mene muli asewere, mayi ake a mkamwini."

Anapukusanso.

"Basi, usajambule n'komwe. Vala nsapato, tipite kwa asewere ine ndi iwe. Ukawauze pamaso, chitseko chotseka. Anthu atatu basi. Ndikugwadira, mng'ono wanga. Ine sindinagwadirepo munthu."

"Asewere anuwo ali ndi pakamwa ngati sefa. Ndikawauza m'mawa, masana azimayi onse ali pa masitepewa andifuna ndalama zawo, madzulo andiitanira apolisi." Maso ake anali ouma. "Mukudziwa zaka zimene ndakhala m'chipinda muno ndikumvetsera ngati wina akukwera? Inu muli ndi ana okusungani mukakalamba. Ine ndili ndi mabotolo. Mukufuna ndiwaswe ndi pakamwa panga?"

"Ndikufuna ubweze zimene unatenga."

"Sindinathyole loko, achemwali. Foni munkandipatsa nokha. Tsiku lililonse, m'manja mwanga."

Apa ndi pamene panamulasa Mayi Sinditsitsa. Anakumbukira mmene mng'onoyo ankayang'anira kumbali, mwaulemu, foni ili kukhutu kwake. Iye ankati ndi khalidwe. Kani ankasankha katundu.

"Ndikakupatsa mwana kuti undigwirire ndimange nsalu, ndiye kuti ndakupatsa?"

Mayi Sinditsitsa anaika foni yake pathebulo, pakati pa mabotolo, n'kuikankhira kutsogolo. Ankafuna kudina yekha pojambulira mawu kuti mng'onoyo asowe pothawira, koma anayang'ana galasilo, tizithunzi tambirimbiri tofanana, ndipo sanadziwe kuti ndi pati. Ngakhale pomukakamiza wakubayo kuulula, ankafunika chala cha wakuba yemweyo.

"Dina pamene umadina paja. Lankhula."

Mng'onoyo anaiyang'ana foniyo. Kenako anaibweza ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka inakhudza dzanja la mkulu wake.

"Sindilankhula, achemwali. Lero ayi, mawa ayi. Chibale ndi fupa, sichiola. Mwana akabadwa mudzandikhululukira."

Anavalanso jekete loyera, anamanga mabatani onse, anatsegula chitseko n'kuitana ndi mawu aja a pa wailesi kuti wotsatira alowe.

Mayi Sinditsitsa sanakumbuke mmene anatsikira masitepe. Anangopezeka ali mumsewu, dzuwa likumuwotcha pamutu, foni ataifinya m'manja ngati mwala woti agende nawo munthu. Anayenda osaona magalimoto. Wanjinga wina anamutukwana, iye osabweza, chinthu chimene sichinachitikepo.

Atafika pa malo ake anapeza lona lili chiphimbire. Pambali pake, pa ndowa yogadabuza, panali patakhala Chisamba, mapazi otupa atawatulutsa m'masilipasi. Pafupi naye panali sutikesi yaikulu yomangidwa ndi chingwe. Wa maambulera anaweramira ntchito yake ngati sanaone kanthu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Mayi, akuloza sutikesi.

"Apongozi anabwera ndi alamu. Akuti ndikapume kwanu mpaka mwana abadwe, aone kaye nkhope." Mawu osasa aja anatuluka pang'onopang'ono. "Anandilongedzera okha. Amayi, mwapitako? Ati chiyani mayi aang'ono?"

"Wakana."

"Mwina mukanawauza bwinobwino, mwina mukanati..."

"Ndamuuza bwinobwino. Ndamugwadira. Wakana."

"Nanga bambo a kunyumba?"

Mayi Sinditsitsa anatembenukira sutikesi. Anapinda nsalu yake n'kuika pamutu, anawerama, anakweza sutikesi yekha osapempha thandizo. Milomo ya Chisamba inayamba kunjenjemera. Kutsidya kwa kanjira, mayi wa ndowa ndi mnzake anali atasiya kucheza, akuyang'ana.

"Nyamuka," anatero Mayi Sinditsitsa. "Usalire pano. Anthu ali ndi mafoni."